Denga Lomwe Anamanga Kompadre

Dontho loyamba linagwera pa diresi la mkwatibwi. Creuza anali pa makina ake osokera m'chipinda chochezera, akupinda nsalu yoyera ya mwana wa eni ake, pomwe anaona banga lofiirira pachifuwa pa diresilo. Anayamba wakalipira mphaka, kenaka anakalipira mwamuna wake kuti wamwera khofi pafupi ndi nsalu. Atakweza maso m'pamene anaona gwero lake. Pa denga la konkire, pamwamba pa mutu wake penipeni, panali kamng'alu kopyapyala kozungulidwa ndi dzimbiri, ndipo dontho lachiwiri linali likulendewera kale.

"Nivaldo! Tasiya mbalame yakoyo, bwera udzaone nyumba yako ikukodza!"

Nivaldo anali pakhonde akuthira mapira m'chikwere cha kambalame kake koimba. Analowa mosafulumira, nayang'ana kudenga manja ali kumbuyo, ngati munthu woyendera nyumba ya wina.

Mwamunayu anayendetsa basi mumzinda wa Recife kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Ndalama zonse zomwe anampatsa popuma ntchito anazithira m'nyumba imeneyi kuno ku Itapissuma, ndipo sanatsale ndi kanthu. Analibe munda, analibe bwato, analibe china chodzasiyira mwana wake mmodzi yekhayo, Jaciara. N'chifukwa chake pomanga sanafune amisiri oyendayenda aja amene amathawa ndi simenti. Anafuna kontilakitala wa chiphaso cha boma, wa kampani yolembetsedwa, woti zikalakwika uli ndi pomugwira. Anampeza pafupi pomwepo. Jurandir anali ndi chiphaso chopachika m'galasi, lole yolembedwa dzina lake, komanso ndiye amene anaimira Jaciara pa ubatizo. Choncho anali kompadre wa Nivaldo.

Kwathu kuno kompadre si mnzako wa pa kachasu ayi. Mbale wako wa bere limodzi ukhoza kutukwanizana naye, mawa n'kudyera limodzi, koma munthu amene ananyamula mwana wako pamaso pa wansembe sumukwezera mawu. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine sindiunyoza. Chimene chimandipweteka n'chakuti alipo ena amene amaudziwa bwino mwambowu n'kumaudyera.

Jurandir anabwera Lamulungu lotsatira, atanyamula mtolo wa nkhanu ndi botolo. Jaciara anathamanga n'kukampsompsona dzanja bambo wake wa ubatizoyo, amene kuno timati padrinho.

"Mdalitso, padrinho."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Koma ukukula ngati chinangwa cha m'dambo! Kompadre, muli bwanji ndi timu yanu ija? Ndamva kuti agoli anu akufuna magalasi."

Anaseka onse, anadya nkhanu, ndipo nkhani ya denga inadikira mpaka khofi. Jurandir anaponya diso limodzi kumwamba osadzuka pampando.

"Aaa, kompadre, mwandiitanira kameneka? Nyumba yatsopano imatuluka thukuta, n'chimodzimodzi mwana akamamera mano. Mvula ya mu Juni iyi, ya chikondwerero cha São João, ikangodula ndituma anyamata adzamate. Komadre Creuza, diresi lija muwerengere ine."

Anyamata anabweradi, anamata, anapaka penti, ndipo denga linayera mbee. Mvula ya chaka chotsatira itafika, mabanga anatuluka atatu. Tsiku lina masana chibenthu cha konkire chinathothoka kukhitchini n'kuphwanya mbale. Creuza anachitola, anachitembenuza, napita nacho kwa mwamuna wake. M'kati mwa konkireyo munali kachigoba ka nkhono ya kunyanja, koyera bwinobwino, ndipo pambali pake panali mzere wa dzimbiri pomwe panadutsa chitsulo.

"Tandiuza, Nivaldo. Nkhono iyi inafika bwanji padenga? Inauluka?"

Yankho Nivaldo ankalidziwa. M'tauni ya m'mphepete mwa nyanja ngakhale mwana amadziwa kuti mchenga womangira umachokera kumtsinje ndipo umagulidwa. Wa kugombe ndi waulere, koma uli ndi mchere, ndipo mcherewo umadya zitsulo za m'kati mwa konkire pang'onopang'ono mpaka zitafufuma n'kuphulitsa denga. Zimenezi penti sachiza. Nivaldo anatenga chibenthucho n'kukachiponya kuseri kwa mpanda.

"Mwina ndi wilibala imodzi yokha yomwe anyamata anasakaniza," anatero. "Kompadre sangatichite zimenezo."

Nyumba yachitatu kuchokera pa yawo inali ya Dona Lindinalva, mayi wamasiye wogulitsa msuzi wa nsomba kudoko. Nayenso anamangitsa kwa Jurandir chaka chomwecho, ndipo nayenso denga lake linkalira misozi yofiira. Mayiyu analibe kompadre woti amuchitire manyazi. Tsiku lina anaima pageti pa Nivaldo, epuloni ili m'chiuno, osafuna n'kulowa komwe.

"Seu Nivaldo, ine ndapita kwa maloya a boma aja othandiza amphawi. Akuti womanga amayankha mlandu wa nyumba kwa zaka zisanu, ndipo ukaona vuto usagone nalo, uthamange. Nthawi ikadutsa, ngakhale denga likugwere pamutu, palibe amene angakumvere. Tiyeni tipitire limodzi. Nyumba ziwiri zimamveka kuposa imodzi."

"Dona Lindinalva, kwa ine zinthu timakambirana pakhomo. Sindingatengere kompadre wanga kukhoti ngati wakuba nkhuku."

"Wakuba nkhuku ali bwino, amakusiyira khola."

"Mwatha? Msuzi wanu ukupserera."

Mayi uja anapukusa mutu n'kumapita. Creuza, amene anamva zonse ali pawindo, anadikira kuti geti litsekeke.

"Ukanangopita kukamva chabe. Kumva sikusumira munthu."

"Ndiye anthu adzati chiyani? Kuti Nivaldo anadya nkhanu za kompadre wake Lamulungu, Lolemba n'kukamunenera? Munthuyu akubwera, akumata. Nthawi ilipo, mkazi iwe. Akadzakana kukonza m'pamene tidzaone chochita."

Akanangolekera pomwepo, bwenzi tikuti ndi ulesi wamba. Koma mlandu wa Dona Lindinalva utayandikira, Jurandir anafika madzulo ena wopanda nkhanu, wopanda nthabwala, nkhope ili yakugwa. Anakhala pakhonde, anaitana Jaciara n'kumufunsa za sukulu, kenaka anatembenukira kwa bambo ake.

"Kompadre, mayi uja akufuna kundivula. Akandilanda chiphaso, ana anga adya chiyani? Inu nyumba yanu ndinamanga nthawi yomweyo. Mungobwera mudzanene kuti kwanu kulibe vuto. Mawu awiri okha. Denga lanuli ndilikonza lonse chilimwe chino, ndikulumbira pa mutu wa mwana uyu."

Nivaldo anavomera. Loweruka lake anagula penti ndi ndalama zake, anakwera pa makwerero, napaka denga lonse kawiri. Creuza anaima pansi atagwira m'chiuno.

"Ukupaka mafuta mtembo, Nivaldo. Ukukanamira woweruza kuti uteteze munthu amene wakuika pansi pa msampha, iwe ndi mwana wako yemwe."

"Gwira makwerero, usiye kulalikira."

Nivaldo anavala malaya ake a ku tchalitchi, anapita kukhoti, analumbira, nanena kuti nyumba yake ndi yolimba ngati tsiku lomwe anailandira. Bodza lakelo silinathandize ndi munthu mmodzi yemwe. Khoti linatuma katswiri amene anaboola denga la Dona Lindinalva n'kupeza mchere, ndipo Jurandir analamulidwa kuligwetsa n'kumanga lina ndi mchenga wa kumtsinje. Chiphaso sanamulande. Mwezi wathunthu Nivaldo ankamva phokoso la ntchitoyo ali pakhonde pake, ndipo pa masewera a domino ankauza anzake kuti mayi uja ndi wosayamika. Anzakewo ankangoyang'ana madomino awo.

Chilimwe chinafika, chinapita. Jurandir anati simenti yakwera mtengo, adikire itsike. Chaka chinacho anati anyamata ake onse ali ku ntchito yaikulu ku Caruaru. Anatumabe munthu wodzamata, kamodzi mvula isanayambe, kamodzi itatha, ndipo nthawi iliyonse Nivaldo ankauza mkazi wake kuti, "Waona? Sanatiiwale." Chaka chachisanu chitangodutsa, wodzamata uja sanaonekenso. Foni ya Jurandir inayamba kumangoitana. Munthu amene ankaiwala tsiku lobweretsa simenti, tsiku ili lokha sanaliiwale.

Apa Creuza anagwada, zenizeni, pansi pa khitchini.

"Pita, Nivaldo. Mwina pakadali kakhomo kena. Ukafunse chabe."

Koma tsopano panali chifukwa china. Jaciara anali atayamba maphunziro a unamwino, ndipo amene ankalipira theka la fizi anali padrinho wake. Ungalume bwanji dzanja limene likuphunzitsa mwana wako? Adikire amalize. Atamaliza, panabwera chibwenzi, kenaka ukwati, ndipo Jurandir ndiye anapereka ng'ombe ya phwando n'kuvina ndi mkwatibwi anthu akuomba m'manja. Ungasumire bwanji munthu mwezi womwewo? Adikire phwando liiwalike. Pansi pa zifukwa zonsezi panali chimodzi chimene Nivaldo sankachitchula: akapita kukadandaula, adzayenera kuvomera pamaso pa anthu kuti analumbira bodza, ndiponso kuti mayi wogulitsa msuzi ankanena zoona. Zimenezo zinkamuwawa kuposa madzi odontha pa bedi.

M'malo mwake anagula mitengo. Anaimika mzati umodzi kukhitchini, wina m'chipinda chochezera, kenaka inakhala yambiri moti poyenda m'nyumba umachita kuzemba. Creuza ankapachikapo madiresi a makasitomala, koma makasitomalawo anayamba kuchepa. Mkazi ndani angavule kuti ayese diresi, maso ali kudenga? Ena ankaimira pageti n'kumakuwa miyeso yawo. Creuza anasiya kukangana ndi mwamuna wake. Ankangosesa zibenthu m'mawa uliwonse, n'kumusiyira pa mbale yake ya khofi kuti azione.

Denga linagwa mwezi wa Juni, masana, mvula itagwa sabata yathunthu osapuma. Creuza anali atangotuluka kukapereka siketi kwa mnansi, ndipo Nivaldo anali pakhonde. Kunamveka kulira kwa mtengo ukuthyoka, kenaka chiphokoso chimene anthu anachimva mpaka kudoko. Fumbi litatsika, chipinda chochezera chinalibe denga. Makina osokera, amene Creuza anawalandira kwa mayi ake, anali pansi pa konkire, phazi lake limodzi lokha likuonekera. Creuza anabwera akuthamanga, anaima pakhomo mvula ikumukhuthukira, ndipo sanalire. Anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo Nivaldo anazolika.

A boma oona za ngozi anafika tsiku lomwelo. Anagogoda makoma, anakanda zitsulo ndi kiyi, nazunguliza nyumba yonse ndi chingwe chachikasu. Anati mizati ya konkire nayonso yadyeka m'kati, nyumbayo singakonzeke, ndipo mwini wake aigwetse isanagwere ana a eni ake mumsewu. Usiku umenewo ndi masiku otsatira anagona kwa Jaciara, m'kanyumba ka lendi ka chipinda chimodzi ku Igarassu, Creuza pa sofa, Nivaldo pa mphasa pafupi ndi firiji, mkamwini akuwalumpha popita ku ntchito.

Ndiye Nivaldo anavala malaya aja a ku tchalitchi n'kupita kwa maloya a boma. Anakhala pa benchi m'mawa wonse. Loya amene anamulandira anali mtsikana wa msinkhu wa Jaciara, waulemu, wotopa. Kuno loya timamulemekeza pomuitana kuti dotolo. Anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Vutoli munaliona liti koyamba, Seu Nivaldo?"

"Nyumba ili ndi zaka ziwiri, dotolo."

"Ndipo pano ili ndi zingati?"

Nivaldo anatchula. Zinali zitapitirira khumi ndithu. Mtsikana uja anaika cholembera pansi.

"Munadandaulapo kwina kulikonse? Ku ofesi, kukhoti, ngakhale kwa iye mwini pamaso pa mboni?"

"Tinkakambirana pakhomo. Ndi kompadre wanga." Kenaka anaonjeza kuti, "Kukhoti ndinapitako kamodzi, koma ndinapita kukamuikira umboni kuti nyumba yanga ili bwino."

Loya uja anatseka maso kanthawi.

"Bambo, ndikuuzani zoona kuti musawononge ndalama za basi. Mlandu wanu unali wabwino. Unali wabwino kwambiri, woti ngakhale ine wongoyamba kumene ndikanaupambana. Mukanabwera mutangoona dzimbiri, akanakumangirani denga lina. Ngakhale zaka zisanu zija zitadutsa, panali njira ina yopempha chipukuta misozi, poti vutolo linaoneka nthawi ikadalipo. Koma njira imeneyonso ili ndi malire ake, ndipo mwawapitirira. Lamulo limadikira munthu, koma silidikira mpaka kalekale."

"Koma nyumba yagwa, dotolo. Mukhoza kupita kukaiona. Mchere uli poyera."

"Ndikukhulupirirani. Palibe amene akuti mukunama. Akuti mwachedwa."

Nivaldo anatuluka, ndipo m'malo mobwerera ku Igarassu anakwera basi ya ku Recife. Jurandir tsopano ankakhala m'nyumba zosanja za kufupi ndi gombe, zokhala ndi mlonda pageti. Anamulandira ndi manja awiri, anamukhazika pa mpando wofewa, naitanitsa khofi ndi keke.

"Ndamva, kompadre, ndamva. Mtima wanga wasweka. Komadre sanavulale? Tithokoze Mulungu, zinazo n'zosoweka n'kupezanso."

"Ndilibe popezera zina, kompadre. Munandilonjeza denga. Munalumbira pa mutu wa Jaciara."

Jurandir anapumira m'mwamba, ngati munthu amene akufunsidwa ngongole ya agogo ake.

"Kampani ijatu ndinaitseka kalekale. Ino ndi ina, ndipo ndili ndi anzanga amene sangalole kuti ndilipire za kale. Mukanandisumira nthawi imene ija, ndikanalipira. Mayi uja sindinamulipire? Ndinakwiya mwezi umodzi, basi, pano timapatsana moni. Koma inu munakhala chete, ndipo munanena nokha pamaso pa woweruza kuti nyumba ili bwino. Ine ndinakukhulupirirani."

Zaka zonsezi Nivaldo ankasunga ulemu wa munthu amene akanatha kukwiya mwezi umodzi wokha.

"Imwani khofi asanazizire," anatero Jurandir. "Ndamva akuti muigwetse. Musalembe anthu, akudyerani ndalama. Ndili ndi chihamala chachikulu kunkhokwe, ndiuza mnyamata akubweretsereni. Mukatha mudzabweze, musafulumire."

Ndipo Nivaldo, Mulungu amukhululukire, anati zikomo.

Anaigwetsa yekha, ndi manja omwe anagwira chiwongolero moyo wake wonse. Ankafika m'mawa ndi basi, n'kumenya mpaka dzuwa litapendeka. Ntchitoyo sinali yovuta monga ankaganizira, ndipo ichi ndicho chinamuliza tsiku loyamba: khoma limene ankati adzasiyira zidzukulu linkagwa ndi nkhonya ziwiri za chihamala. Anzake a domino ankadutsa tsidya lina la msewu. Dona Lindinalva anamutumizira msuzi m'kapoto kawiri konse, ndipo kawiri konse anadya atatembenukira kukhoma. Creuza sanabwereko ngakhale tsiku limodzi. Anauza mwana wake kuti nyumba anailira kale ikadali chiimire.

Makoma atatha, msana wake unali utathanso. Sankathanso kuwerama, choncho ankayenda ndi maondo ndi manja pamwamba pa zigumukirezo, akusolola zitsulo kuti akagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, mwina apezeko zogulira mkazi wake makina akale. Anakwawa choncho masiku angapo, maondo atakulungidwa ndi zisanza, mpaka anaunjika mulu. Wogula anafika ndi ngolo yake ya hatchi, anatsika, anatola chitsulo chimodzi n'kuchipotokola. Chinafumbutuka m'manja mwake n'kutsala ufa wofiira. Anatola china, chimodzimodzi.

"Mdala, ichi si chitsulo. Ili ndi dothi. Mukufuna ndikweze dothi pa sikelo?"

"Sankhaniko zabwinozo, mwana wanga. Zilipo ndithu pansipo."

"Zinali zabwino kale. Mukanandiitana zaka zapitazo." Anapukuta manja pa buluku, anakwera ngolo, namenya hatchi.

Nivaldo anatsala pomwepo, chogwada pakati pa malo amene panali chipinda chochezera, manja ali pansi, osatha kudzuka popanda womugwira. Mumsewu munalibe munthu. Nthawi imene akanayenda ndi miyendo yake kupita kukanena mawu ochepa chabe inali itapita, ndipo panalibe ofesi, khoti kapena kompadre amene akanaibweza. Akuluakulu sananame pamene anati zengerezu adalinda kwaukwau.